Kuchotsa mitanda yakale ya pansi pa nyumba popanda kung'amba khoma

Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, funso limodzi lakhala likunditsata kulikonse: pa foni, pa msika, ngakhale pobwera kumanda. "Amisiri, pansi pa nyumba yathu pakutitimira tikaponda, matabwa akulira usiku, tichotse bwanji mitengo ya kunsiyo?" Madzi a nthawi ija analowa kunsi kwa nyumba zambiri zakale kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo mitanda imene inali kale ndi chiswe inangomalizika. Ndayankha kambirimbiri, koma pakamwa ndimaiwala zina. Lero ndalemba zonse malo amodzi.

Ndikunena nyumba zakale zija za m'maesiteti a tiyi, za pamishoni, za aphunzitsi, ndi zina za boma za ku Zomba, zimene pansi pake si simenti koma matabwa, ndipo kunsi kwa matabwawo kuli mpata wopanda kanthu. Ngati yanu ndi yosanjikiza ndipo mukufuna kuchotsa mitanda ya chipinda cham'mwamba, malangizo awa sakukwanirani. Itanani injiniya aone kaye, chifukwa mitanda ya m'mwamba imagwira makoma pakatikati penipeni. Ngatinso nyumbayo ndi ya mpingo kapena ili m'kaundula wa nyumba zosungidwa ngati mbiri ya dziko, pemphani chilolezo musanazule ngakhale msomali umodzi.

Timvane mawu poyamba. Matabwa ndi amene mumapondawo. Mitanda ndi mitengo yocheka imene matabwawo anakhomedwapo, nthawi zambiri ya mainchesi 2 by 6 kapena yokulirapo, yoyalidwa motalikirana masentimita 40 kapena 45. Amisiri ophunzira kusukulu amati majoisiti. Kunsi kwa mitandayo kumakhala mtanda waukulu umodzi kapena iwiri yoinyamula, yogona pa timizati ta njerwa. Nsonga za mitanda zimalowa m'khoma, ndipo kabowo kamene nsonga yakhalamo ndidzikatchula kuti phanga. Chitsa ndi kachidutswa kotsala m'phangamo mukadula mtanda. Mchirikizo ndi mtengo woimika wogwiriza chinthu kuti chisagwe.

Mfundo imene ndikufuna musaiwale ndi iyi: mtanda sunanyamule matabwa okha, wagwiranso khoma. Wakhala mmenemo zaka 70 kapena 90, njerwa zinaukhalira pamwamba, ndipo nthawi zina ndi umene wakhala ukuletsa makoma awiri kutayana. Ndiye saukoka. Amaudula, kenako n'kuutulutsa pang'onopang'ono, n'kutseka pamene wachoka usanapite pa wina.

1. Dikirani nyengo youma

Ntchito iyi ndi ya pakati pa Juni ndi Okutobala. Nyumba zambiri zakumudzi ndi za m'maesiteti anamanga ndi njerwa zootcha koma zomatidwa ndi matope kapena laimu, osati simenti. M'dzinja matope aja amafewa m'munsi mwa khoma, pamalo omwewo pamene muzigogoda. Musanyengedwe kuti mvula yadula sabata imodzi. Khoma lokhuthala limatenga miyezi kuti liume mkati.

2. Zimitsani, tsekani, tulutsani

Zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu, osati pa switchi ya m'chipinda. M'nyumba zakale mawaya ndi mapaipi amadutsa kunsi kwa matabwa, ena ataboola mitanda yomweyo, ndipo sowo sasankha. Tsekani madzi pa mita kapena pa thanki. Tulutsani katundu yense m'chipindamo ndiponso m'chipinda choyandikana nacho, makamaka makabati olemera otsamira khoma lapakati. Ana ndi agogo asagone mbali imeneyo mpaka ntchito itatha.

Zida zake si zambiri: sowo wakuthwa ndi wina wachabechabe wodulira pamene pali misomali, sowo wodulira zitsulo, hamala, tchizulo cha matabwa, tchizulo cha njerwa, mgwala, tochi, levulo, chingwe, choko, ndi mitengo ya bulugama yowongoka yochirikizira. Valani nsapato zolimba kunsi. Majombo a labala msomali umangodutsa. Ngati papita zaka zambiri osabayitsa katemera wa kafumbata, pitani kuchipatala musanayambe, chifukwa misomali yadzimbiri mukumana nayo yambirimbiri. Masiki ndi magolovesi asasowe. Mukhale anthu osachepera atatu.

3. Tsegulani pang'ono, muone kaye

Zulani matabwa awiri kapena atatu pafupi ndi khoma, ena awiri pakati pa chipinda. Musalowetse dzanja kapena mutu msanga. Kunsi kumeneko ndi kwa mdima komanso kozizira, ndipo ine ndakumanako ndi njoka, njuchi, mavu ndi makoswe. Gogodani, unikani ndi tochi, dikirani. Ngati muli njuchi, itanani wodziwa kuzichotsa. Musafukize moto pansi pa matabwa ouma.

Kenako yesani mtanda uliwonse ndi sikuludiraiva, makamaka pamene ukulowa m'khoma. Mtengo wabwino umakana. Wowola umafewa ngati chinangwa chophika ndipo umanunkha chinyontho. Wodyedwa ndi chiswe umaoneka bwinobwino kunja, koma mukagogoda umalira ngati ng'oma, ndipo mkati muli dothi. Wofumbwa umakhala ndi timabowo ting'onoting'ono ndi fumbi ngati ufa. Lembani ndi choko: wabwino, wokayikitsa, wotheratu. Kawirikawiri mupeza kuti pakati pa mtanda mpabwino, koma nsonga za m'khoma ndi zimene zatha, chifukwa ndi kumene chinyontho chimakhala.

Pamene muli pomwepo, onani chimene chinayambitsa vutoli. Kunja kwa nyumba, m'munsi mwa khoma, mumakhala njerwa zamabowo kapena timazenera tachitsulo tolowetsa mphepo kunsi. M'nyumba zambiri zimene ndagwirako, wina anazitseka ndi simenti poopa makoswe, kapena dothi la maluwa linakwera n'kuzikwirira, kapena anawonjezera khonde kutsogolo kwake. Mphepo ikasiya kuyenda, mitanda imene inapirira zaka zambirimbiri imatha m'zaka zochepa.

4. Fufuzani chimene chakhalira mitandayo

Apa ndi pamene anthu amavulala. Si khoma lililonse la m'nyumba limene lili ndi maziko ake. Makoma ena apakati, makamaka owonjezeredwa pambuyo pake podula chipinda pawiri, anangomangidwa pamwamba pa matabwa. Unikani kunsi kwa khoma lililonse lapakati. Mukaona njerwa zikutsika mpaka padothi, lili ndi maziko. Mukaona mpata, mitanda ikudutsa kunsi kwake, dziwani kuti khomalo lanyamulidwa ndi mitengo imene mukufuna kuchotsayo.

Khoma lotere ngati ndi la matabwa kapena la mabolodi, liphwasuleni kaye, kuyambira pamwamba. Ngati ndi la njerwa, chimodzimodzi, njerwa imodziimodzi kuchokera pamwamba. Koma kwerani kaye kudenga muone ngati mitengo ya siling'i kapena ya denga yatsamira pa khomalo. Ngati yatsamira, ichirikizeni. Mchirikizo uime padothi lolimba kunsi, pa thabwa lokhuthala loyala pansi, osati pa matabwa a m'chipinda amene muwachotse mawa. Ukhale wowongoka ndi levulo, ndipo muuthinitse pokhomera timatabwa tiwiri tosongoka mbali imodzi, toyang'anizana, kunsi kwake. Jeke wa galimoto angakuthandizeni kukweza pang'ono, koma musamusiye atanyamula katundu usiku wonse. Amatsika yekha.

Onaninso mafelemu a zitseko, masitepe, nsanamira iliyonse yoima pakati pa chipinda, ndi simenti ya kutsogolo kwa malo oothera moto, imene nthawi zambiri imatsamira mtanda.

Pomaliza yesani makoma akunja. Mangani mwala ku chingwe, muchigwire pamwamba pa khoma, muone ngati khomalo lapendekera kunja. Khoma la masentimita 23 kukhuthala likapendekeka masentimita 3 kapena 4 kuchokera pansi kufika pamwamba, kapena likatupa pamimba, imani pomwepo mufunse injiniya. Mng'alu uliwonse umene ulipo kale, lembani mzere wa pensulo pamene wathera ndi tsiku lake, ndipo matani kasimenti kopyapyala modutsa mng'aluwo. Kakasweka mawa, khoma likuyenda.

5. Zulani matabwa

Yambani ndi timatabwa tozungulira m'munsi mwa khoma, kenako matabwa, kuchokera kumapeto kwa chipinda kubwerera kuchitseko. Ngati ndi olowana m'mbali, lina lili ndi kamlomo lina kangalande, perekani limodzi nsembe: lichekeni mulitali, ena onse atuluka bwino. Ikani mgwala pafupi ndi msomali, pamwamba pa mtanda, mukweze pang'ono pa mtanda uliwonse motsatizana. Mukakweza kumapeto kokha thabwa limathyoka.

Musataye matabwa amenewa musanawaone bwino. Palani pang'ono. Mukamva fungo lokoma lolowa m'mphuno, ungakhale mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo umene unalengezedwa kukhala wa fuko lathu mu 1984 ndipo lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Chiswe sichiukonda, ndipo thabwa lotere simudzalipezanso pa msika mwachilungamo. Mlombwa ndi mbawa nazonso n'zofunika kusunga. Zulani misomali nthawi yomweyo, sanjani pamthunzi ndi timitengo pakati. Ngati mukufuna kunyamula mkungudza kupita nawo kwina, kambiranani kaye ndi ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu, kuti pamsewu pasakhale kukayikirana.

Siyani matabwa angapo abwino, osakhoma, oti muziyendapo. Musayende pa mtanda umodzi wokha, ngakhale munaulemba kuti ndi wabwino.

6. Dulani mitanda, musaikoke

Musachotse yonse tsiku limodzi, ndipo musatsate mzere. Werengani mitanda, muipatse manambala. Tsiku loyamba gwirani wachiwiri, wachisanu, wachisanu ndi chitatu, kudumpha iwiriiwiri. Yotsalayo ikhale ikugwirabe makoma. Ngati pali ina yabwino, imeneyo ikhale yomalizira.

Pa mtanda uliwonse, zulani kapena dulani misomali youlumikiza ku mtanda waukulu. Kenako ikani njerwa zosanjikiza kapena kamchirikizo kunsi kwake, malo awiri, kuti chidutswa chapakati chisagwe mukadula. Mtanda wa bulugama wa mamita 4, wa 3 by 9, umalemera kuposa thumba la simenti, ndipo ukagwa mbali imodzi, nsonga inayo imanyamula njerwa za m'khoma ngati mgwala. Dulani pa mtunda wa masentimita 30 kapena 40 kuchokera kukhoma, mbali zonse ziwiri. Musadule pafupi kwambiri ndi khoma. Chitsa chachitaliko ndi chogwirira chanu pa gawo lotsatira.

Chekani mopendeketsa pang'ono, kuti chidutswa chapakati chikhale chachitali pamwamba, chachifupi kunsi. Mukatero chimanyamuka mosavuta kupita m'mwamba ndipo sichingatsetserekere pansi chokha. Sowo akayamba kupanidwa, ndiye kuti mtanda ukutsika kapena pali chinthu chikuukanikiza. Lekani kucheka, thinitsani mchirikizo, muonenso chimene chaukhalira. Ngati mukugwiritsa ntchito sowo wa injini, yang'anani misomali kaye ndipo musalole kuti unyolo ukhudze njerwa. Ine ndimakonda wamanja pa ntchito iyi, chifukwa ndimamva m'dzanja mtengo ukayamba kusuntha.

7. Zitsa za m'khoma

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha pofotokoza. Amangoti "chotsani zotsalazo", ngati n'kuzula chinangwa. Koma nyumba zimene ndaziona zitang'aluka, zinang'alukira pano.

Ndinaitanidwapo pa nyumba ina imene anyamata anamanga chingwe ku mtanda n'kukoka anthu asanu. Mtanda unatuluka ndithu, koma unatuluka ndi njerwa zisanu ndi imodzi, ndipo mng'alu unakwera kuchokera paphangapo kukafika pa ngodya ya zenera. Mwini nyumba anali mayi wamasiye amene anasunga ndalama ya ntchitoyo zaka ziwiri. Ndalama ya pansi inathera kukonza khoma. Zimandipwetekabe mtima, chifukwa kuleza mtima kwa masiku anayi kukanapulumutsa zonsezo.

Ganizirani bukhu la malisiti. Pepala lake ndi lolimba, koma analiboola timabowo mumzere kuti ling'ambike mowongoka. Khoma lanu lili ndi mapanga khumi kapena khumi ndi awiri mumzere umodzi, m'munsi, pamene kulemera konse kwa khoma ndi denga kwatsikira. Phanga limodzi lotseguka silivuta, njerwa za pamwamba zimagwirana zokha. Onse akatseguka nthawi imodzi, mwakonza mzere wong'ambikira.

Yambani ndi kuona mmene chitsa chakhalira. Gobani pulasitala mozungulira, masentimita 5 mbali zonse, ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono. Gogodani mopepuka, molunjika m'mbali mwa chitsa, osati molowa m'khoma. Chotsani matope a m'mbali ziwiri ndi akunsi ndi kachitsulo kopyapyala kapena sowo wakutha. A pamwamba musawakhudze kaye. Tsopano yang'anani zinthu zitatu.

Choyamba, kodi njerwa ya pamwamba yakhalira chitsacho? Lowetsani mpeni pakati pa mtengo ndi njerwa. Ukalowa, pali mpata, ndipo chitsa chingatuluke mosavuta. Ukakana, njerwa yatsamira mtengo.

Chachiwiri, kodi pali chitsulo? Amisiri akale nthawi zina ankakhomera kachitsulo kaphanthi ku nsonga ya mtanda n'kukakwirira m'khoma, kapena kubooleza bawuti mpaka kunja. Zungulirani kunja kwa nyumba. Mukaona mbale yachitsulo kapena mutu wa bawuti m'munsi mwa khoma, molunjika ndi mtanda, ndiye kuti mtanda umenewo unaikidwa dala kuti ugwire khoma. Chitsulo cha mkati chiduleni ndi sowo wa zitsulo, musachikoke. Cha bawuti yobooleza kunja musachidule musanaonetse injiniya.

Chachitatu, kodi chitsa chakhala pa njerwa kapena pa mtengo wina? Ndibwereranso ku funso limeneli.

Ngati pali mpata ndipo palibe chitsulo, gwirani chitsa ndi manja awiri, mugwedezere kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono uku mukukokera kwa inu mowongoka. Musagwedezere m'mwamba ndi pansi, chifukwa kumeneko ndiko kunyamula njerwa. Musaike mgwala pa khoma n'kukankha. Chikakana, musalimbane nacho.

Chokana chimatuluka m'zidutswa. Chidulireni pafupi ndi khoma, kenako boolani mabowo atatu kapena anayi motsatana kuchokera pamwamba kutsika, pakati pa nsongayo, ndi dirilo kapena chiboolero chamanja. Ng'ambani ndi tchizulo motsata mitsempha ya mtengo, mutulutse kachidutswa kapakati. Pakati pakachoka, za m'mbali zimagwera mkati zokha ndipo mumazisolola ndi dzanja. Ngati njerwa ya pamwamba inali itakhalira, siyani kachidutswa kamodzi ka m'mbali kakuigwirabe mpaka mutaika theka la njerwa loimika pamalo pamene mwatsegula, kenako tulutsani kotsalako. Njerwa imodzi kapena ziwiri zikagwedera, zichotseni ndi dzanja, muzisunge, mudzazibwezeretsa. Koma mukaona dothi likuyoyoka lokha kuchokera pamwamba osaleka, kapena mwamva khoma likuthetheka, tulukani nonse.

Phanga likatseguka, lowetsani dzanja lovala golovesi mpaka kumapeto. Nthawi zambiri ndi lakuya masentimita 10 kapena kupitirira pang'ono. Tulutsani kanyenyeswa kalikonse ka mtengo ndi dothi la chiswe. Kamtengo kotsala m'khoma ndi chakudya chimene mwasungira chiswe, ndipo kuchokera pamenepo chimakwera mpaka kudenga. Sesani ndi burashi, wazani madzi pang'ono kuti njerwa zisamwe madzi a matope atsopano.

Tsekani tsiku lomwelo. Gwiritsani njerwa zootcha zofanana ndi za khomalo, zodula molingana ndi phanga. Pa khoma lomatidwa ndi matope kapena laimu musaike simenti yamphamvu. Muyezo wabwino ndi simenti 1, laimu 1, mchenga 6. Simenti yolimba kwambiri pakati pa njerwa zofewa imakhala ngati mwala m'nsima: khoma likamapuma ndi nyengo, njerwa zozungulira ndi zimene zimasweka. Mpata womalizira wa pamwamba ndi wofunika kuposa yonse. Sakanizani matope ouma a muyezo womwewo, oti mukafumbata agwirane koma osatulutsa madzi, muwakankhire mkati ndi kathabwa ndi hamala mpaka atakana kulowa. Kungopaka kumaso n'kusiya mphako mkati n'chimodzimodzi kusatseka.

Dikirani masiku atatu musanatsegule phanga loyandikana nalo. Uku mukudikira, gwirani khoma la mbali ina kapena chipinda china. M'mawa uliwonse yang'anani timasimenti tija munamata pa ming'alu.

Tsopano funso lachitatu lija. M'nyumba zina mitanda sinakhale pa njerwa, koma pa thabwa lalitali logona mkati mwa khoma kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya. Ili ndiye loopsa kwambiri, chifukwa theka la kukhuthala kwa khoma lakhalira mtengo, ndipo mtengowo nthawi zambiri ndi umene unayamba kuwola. Kulisiya sikutheka, kulisolola lonse n'kugwetsa nyumba. Lichotseni m'zigawo zosapitirira theka la mita. Lembani zigawozo pakhoma: 1, 2, 3, 1, 2, 3. Dulani ndi kuchotsa za nambala 1 zokha, poboola ndi kung'amba monga tachitira ndi zitsa, mangani njerwa, thinitsani pamwamba ndi matope ouma aja. Pakapita masiku atatu kapena anayi, gwirani za nambala 2, kenako za 3. Pansi pa ngodya ya nyumba, pansi pa mbali ya chitseko kapena zenera, ndi pamene mtengo waukulu wa denga watsikira, fupikitsani zigawo, ndipo chirikizani denga kaye. Chipinda chimodzi chingakudyereni masabata awiri. Mmisiri wokuuzani kuti amaliza Loweruka lomweli, mufunseni kuti thabwa la m'khomalo achita nalo bwanji. Yankho lake likuuzani zonse.

Ngati mukufuna kubwezeretsa pansi pa matabwa, ndikulangizabe kuti mutseke mapanga akale. Mitanda yatsopano ikhale pa timakoma tatsopano tomangidwa mkati, kapena pa zitsulo zokolekera, kuti nsonga zake zisakhudzenso njerwa zachinyontho.

8. Mitanda ikuluikulu ndi timizati

Iyi imachoka pomalizira, mitanda yaing'ono yonse itatha ndipo mapanga atauma. Iduleni m'zidutswa zoti anthu awiri anyamule, pakati pa kamzati ndi kamzati, mutachirikiza mbali zonse. Nsonga zake za m'khoma ndi zazikulu ndipo phanga lake ndi lalikulu, choncho gwirani limodzi pa tsiku, njira yomwe ija. Pamwamba pa timizati mungapeze kachidutswa ka lata kopindika m'mbali ngati chipewa. Ankakaika kuti chiswe chikamakwera chizungulire poonekera. Ngati mudzaikanso matabwa, timizati ndi timalata timeneti tisungeni.

9. Yeretsani kunsi, ndipo musaphikire nkhuni zimenezi

Wazani madzi musanasese. Fumbi la kunsi kwa nyumba lili ndi ndowe za makoswe ndi mileme, ndipo m'nyumba zakale dothi lake lingakhale ndi mankhwala a chiswe a kale monga dieldrin ndi aldrin, amene analetsedwa padziko lonse chifukwa amakhala m'nthaka zaka zambiri. Dothi limeneli musakathire kudimba kapena pafupi ndi chitsime. Mukapeza zidutswa za malata a asibesitosi, zinyowetseni, musaziswe, musazicheke.

Tolani kamtengo kalikonse, ngakhale timizu ndi zitsa za mitengo zimene omanga anasiya. Tsatani tinjira tadothi ta chiswe muone kumene tikuchokera. Nthawi zina chulu chimakhala kunsi kwa chipinda chomwecho, ndipo chimafunika kukumbidwa chonse. Mankhwala a chiswe gulani ku sitolo yovomerezeka ya zaulimi, mutsate muyezo wolembedwa pa botolo.

Anansi adzabwera kudzapempha nkhuni, ndipo kukana n'kovuta. Koma mtengo wakuda wonunkha phula, wobiriwira mkati chifukwa cha mankhwala, kapena wopakidwa penti yakale, utsi wake ndi phulusa lake ndi poizoni. Afotokozereni bwino. Wodyedwa ndi chiswe musauunjike pafupi ndi nyumba kapena nkhokwe ngakhale usiku umodzi.

10. Chobwera m'malo mwake

Ambiri amasankha kukwirira ndi kuthira simenti, ndipo pa nyumba yakumudzi n'zomveka. Thirani dothi louma lopanda zinyalala kapena zidutswa za njerwa m'magawo a masentimita 15, kusinja gawo lililonse ndi chosinjira chamanja. Pafupi ndi khoma sinjani mofatsa, chifukwa dothi limakankha khoma, ndipo mapanga mwangowatseka kumene. Mpata wa kunsi ukakhala wakuya kupitirira masentimita 60, kukwirira kumafuna malangizo a injiniya, ndipo nthawi zina kubwezeretsa matabwa kumatchipa. Pamwamba yalani mchenga, kenako pepala lakuda la pulasitiki lokwera m'mbali mwa khoma mpaka pamene simenti idzalekezere, kenako konkire ya masentimita 8 kapena 10.

Chimodzi chimene anthu amaiwala: mukakwirira chipinda chimodzi n'kusiya matabwa m'chipinda china, mwatseka njira ya mphepo ya chipinda chotsalacho. Musanakwirire, yalani mapaipi a pulasitiki a mainchesi 4 kuchokera pa njerwa zamabowo za kunja, kudutsa m'dothimo, kukatulukira kunsi kwa chipinda chinacho, ndipo kukamwa kwake kunja muike kawaya ka sefa koletsa makoswe.